Lole Yafika, a ku Katuli Mulibe

Ana anga, m'sutikesi yanga yachitsulo muli chithunzi chachikulu chija chosokeredwa pa nsalu ya khaki, chimene mayi anu ankakuletsani kufunyulula muli ang'ono. Ndikudziwa kuti munachifunyululabe, musandinamize, chifukwa ndinkachipeza chitakulungidwa mozondotsa. Tsopano mwakula, ena muli ndi ana anu, ndiye ndikuuzeni kumene chinachokera ndi chimene chinachititsa msoko uja pakati pake.

Ku boma kwa Mangochi, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Nditamaliza maphunziro a zachipatala ananditumiza ku boma kwa Mangochi. Ndinali mthandizi chabe, koma anthu ankangoti adokotala, inenso sindinkawaletsa, dzinalo linkandikoma. Bwana wanga anali a Kalinde, bambo wamfupi, wadazi, wosachedwa kupsa mtima. Zipangizo zinali zosowa. Jakisoni tinkaphika m'poto, singano zikabuntha tinkanola pamwala, ndipo mankhwala a chinzonono akatha tinkangowauza odwala kuti abwerenso mwezi wamawa, ngati matendawo amadziwa kudikira.

Tsiku lina a Kalinde anayala chithunzi chija patebulo. Chinali chosonyeza m'kati mwa thupi la mwamuna, kuyambira m'chiuno kutsika. Anati ndiwafotokozere njira imene mbewu ya abambo imadutsa. Ine ndinayamba bwinobwino m'Chingelezi cha m'kalasi, mayina aatali aja akutuluka ngati madzi.

“Ima pomwepo,” anatero a Kalinde. “Odwala ako anapita kusukulu imeneyo? Nena m'chilankhulo cha amako.”

Kalanga ine! Ndinakulira panyumba ya Chiangilikani, pafupi ndi mishoni ya kunyanja, ndipo mawu oterowo sindinawamvepo akutuluka pakamwa pa munthu wamkulu. Ndinangoti, “Apa pali timatumba tiwiri.”

“Timatumba ta chiyani, ta mchere? Machende! Nena machende. Ukachita manyazi ndi dzina, matendawo sachita nawe manyazi.”

Anandibwerezetsa mpaka lilime linamasuka. Mbewu imapangidwa m'machende. Ikatuluka m'menemo imalowa m'kanjira kopindikapindika kamene kali kuseri kwa chende lililonse, ndipo m'menemo imakhwimira ndi kuphunzira kusambira. Kuchokera apo imakwera ndi kamtsempha kakatali kolowa m'mimba, kozungulira kuseri kwa chikhodzodzo. Kumeneko ndiye kuli tizigawo topanga madzi oyera aja, amene amaidyetsa mbewuyo ndi kuinyamula. Zikasakanikirana zimatsika ndi njira ya mkodzo mpaka kutuluka. A Kalinde anagogoda chala pachithunzipo nati, “Gwira ichi, mnyamata. Madzi kwawo ndi kwina, mbewu kwawo ndi kwina. Zimangokumana panjira.” Pamene ankandisamutsira kumidzi anandipatsa chithunzicho, akuti iwo anali atachiloweza kale.

Kudera la Katuli, chapakati pa zaka zomwezo

Kachipatala kanga katsopano kanali ka zipinda zochepa, kamalata odontha. Tinalipo awiri, ine ndi mzamba, Mayi Nkhoma. Mankhwala ankabwera pa lole imene inkanyamulanso anthu. Inkanyamuka ku Katuli, n'kukatenga ena pa Namwera, n'kutsika mapiri a Chowe mpaka ku boma. Dzinja lililonse mlatho wa pamtsinje wina, pakati pa Katuli ndi Namwera, unkakokoloka, ndiye lole inkathera pa Namwera, ife n'kukhala ngati anthu oiwalidwa. Chuma changa chinali maikulosikopu yakale, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Inalibe getsi, inkadalira kagalasi kolandira dzuwa, choncho kukachita mitambo ntchito inkaima. Chithunzi chija ndinachipachika kuseri kwa chitseko cha chipinda choyezera, n'kuchiphimba ndi chitenje.

Mnzanga woyamba kumeneko anali Che Saidi, telala wa pakhonde la sitolo, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, wanthabwala kwambiri. Ankandiseka kuti mathalauza anga anasokedwa ndi munthu amene sanaonepo miyendo. Tinkalankhula mosakaniza Chiyao ndi Chichewa, koma pano ndilemba m'Chichewa. Mkazi wake anali Abiti Amidu, ndipo ankakhala kwawo kwa mkaziyo monga mwa mwambo wa kumeneko. Limeneli linali banja lachitatu la Che Saidi. Mabanja awiri oyamba anatha chifukwa chosowa mwana, ndipo akazi onsewo atakwatiwa kwina anabereka. Mukuganiza kuti anthu anadabwa? Ayi ndithu. Ankangoti magazi sanagwirizane, nkhani n'kuthera pomwepo.

Abiti Amidu anayamba kubwera kwa Mayi Nkhoma. Mzambayo anamuyeza momwe tikanathera ndi zipangizo zathuzo, osapeza cholakwika. Tsiku lina Abiti Amidu anapempha kuti alankhule nane. Anakhala pamphepete pa benchi, maso pansi, mpango ataukokera pamphumi.

“Adokotala, mwana amapereka ndi Mulungu, sindikukupemphani mwana,” anatero. “Koma kuchitsime dzina langa laiwalika. Ndikafika amati chumba wabwera. Alamu anga akuti ndikumeza ana. Akuti mwamuna andipatse talaka, mawu ondisiya ukwati. Kodi m'munda mukapanda kumera, wolakwa amakhala munda nthawi zonse?”

Funso limenelo linandilasa. Ndinapita pakhonde la sitolo, ndinadikira makasitomala achoke, n'kumuuza Che Saidi kuti bwanji nayenso ayezedwe. Makina osokera anaima.

“Asa! Adokotala, mukuti ine ndinagwa m'papaya?”

Kwa amene simudziwa, kugwa m'papaya ndi mawu onena mwamuna wolephera ntchito ya m'nyumba. Vuto linali pamenepo. Anthu anali ndi dzina limodzi lokha la mwamuna wosabereka, ndipo dzinalo linali la munthu wopanda mphamvu. Mwamuna amene mphamvu ali nazo, madzi akutuluka bwinobwino, ankaoneka kuti mlandu sungamukhudze. Ndinati sindikunena zimenezo. Iye anaseka mowawa nati, “Chabwino, kayezeni. Galasi lanulo lichita manyazi lokha.”

Anabwera m'mawa wina dzuwa lili bwino, kabotolo ka umuna wake atakabisa m'thumba la mkanjo. Ndinaika dontho pagalasi, ndinatembenuza kagalasi kolandira dzuwa, ndinayang'ana. Pa mwamuna wobereka mumaona timbewu tambirimbiri tokhala ndi michira, tikupikisana. Apa panali zii. Ndinapukuta maso, ndinaika dontho lina, chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti tibwereze pakapita milungu, poti thupi limasintha munthu akadwala malungo. Tinabwereza, osapezabe kanthu. Nditamuyeza ndi manja ndinapeza kuti machende ali bwino, koma kuseri kwake, mbali zonse ziwiri, kunali timfundo tolimba. Ndinamufunsa ngati anadwalapo kumeneko. Anavomera kuti ali mnyamata ku migodi ya ku Joni anatenga chinzonono, anatupa kwambiri, ndipo poopa kuchotsedwa ntchito anangomwa mizu mpaka kutupako kunaphwa kokha.

Ndinachotsa chitenje pachithunzi. Ndinalondola ndi chala kuyambira kumachende, kanjira kopindika, kamtsempha kokwera, mpaka kuseri kwa chikhodzodzo. Iye ankangopukusa mutu.

“Koma madzi ndimawaona ndi maso anga, adokotala. Mukuti mulibe kanthu bwanji?”

Mawu a a Kalinde anandithera. Ndiye ndinamufunsa kuti, “Che Saidi, mlatho wathu uja ukakokoloka, lole imafika ku boma kapena sifika?”

“Imafika. Imanyamukira pa Namwera.”

“Yodzaza?”

“Yodzaza ndithu, ena pamwamba pa katundu.”

“Munthu woima ku boma akaiona, angadziwe kuti mlatho wakokoloka?”

Anayang'ana chithunzi chija nthawi yaitali, kenako anaika chala chake pa kanjira kopindika kaja.

“A ku Katuli mulibe,” anatero motsitsa mawu.

Ndinamuuza kuti ndi momwe ndikuonera. Mbewu ikuoneka kuti ikupangidwa, koma zipsera za matenda aja zinatseka njira, ndipo madzi amene amawaona ndi okwerera pa Namwera. Anafunsa ngati mlathowo ungakonzedwe. Ndinati kwathu kuno, masiku amenewo, sindikudziwa munthu amene angaukonze, ndipo kumunamiza sindikufuna. Munthu wamkulu uja anavula kofia n'kuipinda m'manja. Kunena zoona ndinamumvera chisoni kwambiri, mpaka ndinalakalaka ndikanaona molakwika.

“Izi zithere m'chipinda muno,” anatero. “Lumbirani.”

“Sindifunika kulumbira, ndi lamulo la ntchito yanga. Koma mayi kunyumba muwauze, akusenza katundu wosakhala wawo.”

Anati awauza. Sanawauze.

Dzinja lotsatira

Muyenera kudziwa, ana anga, kuti nthawi imeneyo za kulera sizinkaloledwa m'zipatala, ndipo chipani chinali chimodzi, makutu ake ali paliponse. Alongo ake a Che Saidi, poona kuti mlamu wawo amalowalowa kuchipatala, anapita kwa tcheyamani wa chipani wa m'deralo kukanena kuti ife tikumupatsa mapiritsi oletsa kubereka. Sindikuti anali anthu oipa. Ankamukonda mlongo wawo, ndipo kwa iwo panalibe kufotokoza kwina.

A tcheyamani anabwera ndi anyamata awo a malaya ofiira. Anagudubuza makatoni, ananunkhiza mabotolo, mapiritsi oterowo osawapeza chifukwa kunalibe. Mmodzi anakoka chitenje chija kuseri kwa chitseko. Ha! Mukanaona nkhope zawo. A tcheyamani anati ndikusunga zolaula m'nyumba ya boma. Ndinati ndi chithunzi chophunzitsira, ngakhale iwowo m'kati mwawo ali chomwecho. Pakamwa pangapa panandipweteketsa kambiri. A tcheyamani anachithothola n'kuching'amba pakati, ndipo anati nkhani yonse ikambidwa pabwalo la sukulu, pamaso pa abale a mbali zonse ziwiri.

Apa ndiye khoswe anakhala pamkhate. Mawu ochepa chabe akanamasula Abiti Amidu ku dzina la chumba ndi ku talaka, n'kundimasulanso ine. Mayi anu, amene nthawiyo anali oyembekezera iwe Yohane, anandiuza mosabisa kuti, “Bambo, anthu akusowa chifukwa cha nkhani zochepa kuposa iyi. Mukatengedwa, ine nditani ndi mimbayi? Nenani zimene munaona.” Sindinawayankhe mwamwano chifukwa ankanena zoona.

Ndinapita kwa Che Saidi masana a tsiku loti mawa ndi bwalo. Ndinamupeza akupalasa makina, ndipo sanadzutse mutu.

“Mawa mukanena chiyani?” ndinafunsa.

“Munati ndi lamulo la ntchito yanu.”

“Langa ndi limenelo. Nanga lanu?”

Makina anapitiriza kulira. Mtima unandipsa, ndinamenya patebulo pake mpaka sizasi inagwa. “Inu mukusoka malaya a anthu, mkazi wanu akung'ambika! Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Che Saidi. Ine sindingakutsekulireni.” Ndinachoka osatsanzika.

Pobwerera ndinaganiza zambiri. Ndikaulula, mwamuna aliyense wa m'deralo adziwa kuti zimene wavula m'chipinda changa zikhoza kukafika pabwalo. Ndani adzabwerenso ndi chinzonono chikadali chachiwisi? Adzamwa mizu ngati Che Saidi, milatho ina n'kukokoloka, akazi ena n'kutchedwa chumba. Komanso chinsinsicho sichinali changa. Koma ndikakhala chete, mayi wosalakwa achotsedwa ukwati ndi dzina loipa, ine ndikudziwa. Panalibe njira yoyera pamenepo. Ndinasankha kunena zokhudza mayiyo zokha, atandilola mwini wake, ndi kutseka pakamwa pa zina zonse. Mantha ndinali nawo, musaganize kuti bambo wanu anali chitsulo.

Pabwalo panadzaza. Amuna anakhala mbali ina, akazi mbali ina. Abiti Amidu anakhala pafupi ndi mjomba wake, ndiye kuti malume ake, amene anali nkhoswe ya banjalo. A tcheyamani anaponya zidutswa za chithunzi pansi kuti onse aone ntchito zanga, n'kundiuza kuti ndiyankhe.

Ndinati, “Mayiwa sanalandire piritsi lililonse loletsa kubereka, ndipo kuchipatala kulibe. Tinawayeza, palibe cholakwika chimene tinapeza. Zina sindinganene.”

“Zinazo ndi ziti?” anatero a tcheyamani. “Ngati munda uli bwino, ndipo mlimi tonse tikumudziwa kuti ndi mwamuna, chikuletsa n'chiyani? Mukubisira boma?”

Mawu akuti kubisira boma anali olemera masiku amenewo. Ndinabwereza kuti zina sindinganene. Mlongo wamkulu wa Che Saidi anakuwa kuti, “Mwamva nokha! Akubisa! Achimwene, mupatseni talaka lero lomwe!” Abiti Amidu sanalire, anangoyang'ana mwamuna wake. Ine sindinamuyang'ane Che Saidi, kuopa kuti maso anga anganene zimene pakamwa pakana.

Kenako ndinamva munthu akutsokomola. Che Saidi anali ataimirira, kofia ili m'manja.

“A tcheyamani, abale nonse,” anatero. “Lole imafika ku boma yodzaza. Koma a ku Katuli mulibe.”

Anthu anayang'anana, ena anaseka poganiza kuti telala wayamba nthabwala zake. A tcheyamani anati alankhule zomveka. Iye anatola chidutswa chimodzi cha chithunzi chija, n'kuchikweza. Anafotokoza njira yonse, kuyambira kumene mbewu imapangidwa, kumene imakwera, kumene imakumana ndi madzi. Mawu aja amene ine ndinkachita nawo manyazi kwa a Kalinde, iye anawatchula pamaso pa apongozi ake. Anati mlatho wake unakokoloka kalekale ku Joni, adokotala anamuuza miyezi yapitayo, ndipo iye anabisa chifukwa cha mantha. “Mkazi uyu alibe mlandu. Awiri aja ndinawasiyanso analibe mlandu. Mulungu andikhululukire.”

Mwamuna wina kumbuyo anakuwa kuti, “Ndiye wagwa m'papaya!” Ena anayamba kuseka. Pamenepo Abiti Amidu, mayi wofatsa uja amene sankadzutsa maso pamaso pa amuna, analankhula mokweza osaimirira.

“M'papaya sanagwe. Wodziwa ndine, osati inu.”

Akazi anaombera m'manja, ena akugwa ndi phwete, ndipo wokuwa uja analowetsa mutu m'mapewa. Mjomba wa mayiyo anadikira phokoso lithe, kenako anati poti zaoneka chomwechi, mwana wawo ali ndi ufulu wochoka kuti akapeze mwana kwina. Anamufunsa kuti akuti bwanji.

“Zimenezo tikakamba kunyumba, ambuje,” anayankha. “Pano ndinabwerera dzina langa. Ndalitenga.”

Kusamutsidwa

Nkhani ya mapiritsi inafera pomwepo, koma ya chithunzi sinafe. A tcheyamani anali atachita manyazi pagulu, ndipo munthu wotero sakhululuka msanga. Pasanathe nthawi kunabwera mawu ochokera ku boma akuti ndisamukire kuchipatala china chakutali m'mbali mwa nyanja. Ndinathokoza Mulungu kuti zathera pa kusamuka. Za banja lija ndinamva pambuyo pake kuti silinathe, ndipo analera ana a mng'ono wake wa Abiti Amidu amene anamwalira. Ngati mayiyo ankadandaula mumtima chifukwa chosabereka wake, sindikudziwa, ndipo sindingamuyankhire. Ndinamvanso kwa Mayi Nkhoma kuti Che Saidi anavutika ndi chipongwe kwa nthawi ndithu, makasitomala ena anamuthawa, ndipo alongo ake anatenga nthawi kuti amulankhulenso.

Tsiku losamuka mlatho unali utakokolokadi, moti katundu wathu tinachita kuwolotsa pamutu kukapeza lole tsidya lina. Mayi anu anali atakwera kale pamene ndinaona Che Saidi akuwoloka mtsinje, mkanjo ataukwinya mpaka m'mawondo, chinthu chokulunga atachikweza pamwamba kuti chisanyowe. Chichitikireni bwalo lija tinali tisanalankhulane, ndipo ndinkaganiza kuti amandisungira chakukhosi.

“Adokotala, mwaiwala katundu wanu.”

Ndinafunyulula. Chinali chithunzi chija. Anali atatola zidutswa zonse pabwalo, n'kuzisokera pa nsalu ya khaki, msoko wosalala ngati wa kolala ya malaya. Koma ndinaona kuti pansi, pa kanjira kopindika kaja kuseri kwa chende, panali pong'ambika pang'ono posasokedwa.

“Che Saidi, ulusi unakutherani?” ndinamuseka. “Telala wamkulu ngati inu kusiya bowo?”

Sanaseke. Anaika chala pabowopo monga anachitira tsiku lija m'chipinda choyezera.

“Apo musasoke,” anatero. “Apo ndi panga. Akabwera mnyamata wotupa, akufuna kukamwa mizu, mumuonetse pamenepo. Akabwera mwamuna woti asiye mkazi, mumuonetsenso. Dzina langa mukhoza kutchula, ndakulolani.”

Dalaivala analiza hutala, ndinakwera. Chithunzicho ndinayenda nacho m'zipatala zonse zimene ndinagwirako mpaka kupuma ntchito, ndipo amuna ambiri anaika chala pabowo limenelo, ena akutukwana, ena akulira. Ngakhale anandilola, dzina lake sindinalitchule kwa wodwala aliyense, ndipo limene ndalemba panoli si lake lenileni. Ndikadzapita musachitaye, ndipo wina wa inu asadzachite changu n'kutenga singano. Bowolo silinaiwalike, mwini wake anati likhale choncho.